Utsanzike kapena ungosowa? Zomwe zikukambidwa ku Dowa ndi Ntchisi

Mvula ikangokata, masikelo a mavenda n'kuyamba kulendewera m'mitengo kuchokera pa Mponela mpaka kwa Malomo, mabwana ang'onoang'ono a kuno sagona tulo. Ndi nyengo yomwe antchito amasowa. Mnyamata wa pachigayo wapeza kampamba, wagula sikelo, ali m'midzi kugula soya ndi mtedza. Wa mugolosale watenga njinga yamoto pangongole, wayamba kabaza. Mlonda wamva kuti msuweni wake wa ku Joni wamupezera malo. Onsewa anaweruka bwinobwino madzulo n'kunena kuti tionana mawa, koma mawa lakelo silinache mpaka lero. Ndiye pabawo, pamjigo ndi m'maminibasi nkhani ndi imodzi: munthu ukapeza pabwino, ugwire kaye mwezi wa notisi kapena ungonyamula jumbo yako n'kumapita?

Anyamata a pasiteji ya kabaza pa Mponela sachedwa nalo funsoli. Iwo akuti notisi ndi ya anthu a tayi a ku Capital Hill. Ntchito zikusowa chonchi, wina akuuze kuti ubwere Lolemba, iwe n'kumati dikirani ndithe kaye mwezi? Pofika Lachiwiri malowo watenga mlamu wake wa kalaliki. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, iwo akutero. Chosekesa n'chakuti madala a pabawo, omwe akutsutsana nawo, akugwiritsanso ntchito mwambi womwewo. Kwa iwo fodya wa pamphuno ndi ntchito yomwe uli nayo kale, ndipo ya Lolembayo ndi wa pachala, mphepo ikhoza kumuuluza. Mbali zonse ziwiri zikuchoka pamkangano zitakhutira kuti makolo ali kumbuyo kwawo.

Kwa amayi a pamjigo cha ku Madisi nkhaniyi ili ndi fungo lina. Ana awo aakazi ambiri amagwira ntchito za m'nyumba ku Lilongwe, ndipo njira yosiyira ntchito kumeneko ikudziwika ndi aliyense: maliro. Mtsikana amadzuka m'mamawa maso ali psuu, n'kuuza adona kuti agogo atisiya kumudzi. Amapempha ya thiransipoti, nthawi zina n'kupatsidwanso ya chipepeso. Kuti asakayikiridwe amasiya kachikwama pakona, muli chitenje chakutha, mswachi ndi masilipasi oduka lamba. Pakatha sabata foni yake sikupezekanso. Adona akaimba kwa mayi ake amamva kuti mwana ali bwino, koma agogo omwe anamwalirawo ndi omwe angopita kumunda. Pali agogo ena kuno omwe amwalirapo katatu, ndipo akadali ndi mphamvu zosenza mtolo wa nkhuni.

Musafulumire kuwaweruza atsikanawa, amayiwo akutero. Ayese kunena chilungamo kuti mwezi wamawa ndikusiya, aone. Tsiku lomwelo adona amakumbukira mbale iliyonse yomwe inasweka chaka chatha, malaya omwe anapsa ndi simbi, shuga yemwe ankatha msanga. Mwezi ukamatha malipiro onse athera m'kudula, mwana n'kubwera kumudzi chimanjamanja. Ndiye nzeru ndi kulandira kaye, kenako agogo amwalire. Apa ine sindiwanena kwambiri. Bodza la maliro ndi loipa, koma silinamere lokha.

Pa boma la Dowa pali akuluakulu ena opuma pantchito omwe sakamba nkhani popanda kutchula gawo la lamulo, ndipo pankhani iyi akunena zoona. Lamulo la zantchito la m'chaka cha 2000, Employment Act, pagawo 29 limati ngati munthu amalandira pamwezi ndipo ntchito yake ilibe tsiku lothera, notisi ndi mwezi umodzi. Wolandira pasabata yemwe sanakwanitse zaka ziwiri amapereka sabata imodzi. Wolipidwa patsiku yemwe sanathe miyezi 6, tsiku limodzi basi. Gawo 30 ndiye loluma: ukachoka osapereka notisi, bwana asanakukhululukire, uyenera kumulipira ndalama yofanana ndi malipiro a nthawi ya notisiyo. Eni magolosale atamva zimenezi anaomba m'manja. Manja anazizira atamva theka linalo, lakuti lamulo lomwelo limamanganso iwo. Bwana akafuna kuti wantchito achoke lero lomwe popanda mlandu waukulu, naye ayenera kulipira mwezi wa notisi, ndipo zonse zomwe wantchito akuyenera kulandira ziperekedwe pasanathe masiku 7. Apa ndi pomwe ena anakumbukira kuti asiya shopu yosatseka.

Ine ndaona kuti olira kwambiri kuti antchito a masiku ano alibe ulemu ndi omwewo omwe amachotsa munthu ntchito pakhomo la shopu, makasitomala akuona, chifukwa chochedwa ndi mphindi khumi. Notisi amaifuna ikamabwera kwa iwo, ikamachokera kwa iwo amati ndi zachizungu.

Palinso timfundo tina tomwe madala a malamulowa amatulutsa mkangano ukafika pakolasa. Munthu yemwe akadali pa nthawi yoyesedwa, ya pulobeshoni, akhoza kuchoka popanda notisi, bwananso akhoza kumuchotsa chimodzimodzi. Gawo 60 limalola wantchito kuchoka osatsanzika ngati khalidwe la bwana lafika poti munthu sangapirire, ndipo nkhani zotere zimakathera ku Industrial Relations Court. Wosiya yekha ntchito mwakufuna kwake asayembekezere ndalama ya severance, imeneyo ndi ya ochotsedwa chifukwa ntchito yachepa kapena ochotsedwa mopanda chilungamo. Koma penshoni yake, ija bwana amaikako 10 peresenti iye n'kuikako 5, sipsa ayi. Vuto n'lakuti ambiri mwa omwe akukangana pa Mponela penshoniyo anangoimva pawailesi.

Kukwera mapiri kulowa ku Ntchisi, achikulire akuseka kuti achinyamata akuyesa kuti kuthawa ntchito anayambitsa ndi iwo. M'masiku a matenanti a fodya, banja linkadya chimanga cha bwana pangongole chaka chonse, fodya akagulitsidwa ku okushoni ku Kanengo n'kuuzidwa kuti ngongole yaposa phindu. Notisi ya tenanti wotere inali tambala woyamba. Kukacha bwana ankapeza khumbi lili pululu, phulusa likadali lofunda. Aphungu anasintha lamulo mu 2021 n'kuthetsa utenanti, kuti wolima fodya wa mnzake azilandira malipiro ngati wantchito wina aliyense. Achikulirewo akuti papepala zinathadi, koma tambala akadalirabe.

Nkhani ya ku Israel nayo siilephera kulowa. Mu Novembala 2023 achinyamata 221 ananyamuka kukagwira ntchito m'minda ya kumeneko, ena ambiri n'kutsatira pambuyo pake. Mu Meyi 2024 anthu 12 anabwezedwa kuno atapezeka kuti anasiya minda yomwe anasainira n'kukagwira ntchito kwina. Anyamata a kabaza akuti anzawowo sanalakwe, anangotsata komwe kuli ndalama. Madala akuti zosowa usikuzi zimatheka pakati pa Madisi ndi Bowe, osati m'dziko la eni komwe chiphaso chako chili ndi dzina la ntchito yomwe unapitira. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Pomwe anthu onse akugwirizana, ngakhale a kabaza, ndi pa aphunzitsi a sukulu za pulaiveti. Boma likangotulutsa mayina a omwe alembedwa ntchito, sukulu zina zimadzuka zopanda mphunzitsi wa masamu pakati pa teremu, ana a Fomu 4 mayeso a MSCE ali pakhomo. Palibe akudana ndi mwayi wa aphunzitsiwo, poti malipiro a m'sukulu zambiri zoterezi ndi omvetsa chisoni. Koma wolangidwa si mwini sukulu. Ndi mwana yemwe bambo ake anagulitsa matumba a soya kuti alipire fizi. Apa ndiye ndilibe nthabwala: aphunzitsi, tsanzikani, siyani manotsi, muuze wotsalayo pomwe mwalekezera.

Omwe anapirira n'kugwira mwezi wa notisi nawonso ali ndi zawo zosimba. Akuti ndi mwezi wautali kuposa wa Febuluwale wa njala. Tsiku lomwe wapereka kalata, anzako ayamba kale kuyeza mpando wako. Bwana, yemwe kwa zaka zitatu sankadziwa kuti umatha kuwerenga katundu, akukupatsa sitoko yonse kuti uwerenge mpaka machesi. Makiyi a kabati ya ndalama akulanda mwaulemu. Kenako pamabwera alendo: wakatapila, mayi wa mandasi yemwe unkamuuza kuti lembani, msungichuma wa banki mkhonde. Onse amva, ndipo palibe akudziwa yemwe anawauza. Wina anati chomwe chimathawitsa anthu usiku si bwana ayi, koma gulu limeneli.

Komabe mfundo yomwe ikumveka yolemera ndi ya amayi ena a Chigwirizano omwe sanatchule gawo lililonse la lamulo. Iwo akuti kuno n'kochepa. Ku Lilongwe ukhoza kusowa, osaonananso ndi bwana wako moyo wonse. Kuno bwana yemwe unamuthawa ndi mkulu wa mpingo kwanu, kapena ndi mfumu ya maliro, kapena mkazi wake ndi nankungwi wa mphwako. Udzamupeza pasiwa, ndipo mudzadya nsima m'mbale imodzi. Tsiku lina bungwe lidzafuna kalata ya komwe unkagwira kale, ndipo ngakhale gawo 31 limati bwana apereke kalata yosonyeza kuti unagwira kwa iye ukaipempha, udzapita ndi nkhope yanji kukaipempha? Wolemba ntchito watsopanoyo mwina anaphunzira limodzi ndi wakaleyo ku Robert Blake, foni imodzi yokha nkhani yonse yadziwika.

Anyamata a kabaza sanagonje. Akuti ulemu sugula feteleza, ndipo kuchokera pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, munthu sangataye malipiro abwino chifukwa choopa kuonana ndi munthu pamaliro. Koma mmodzi mwa iwo, atafunsidwa ngati angakonde kuti mnyamata yemwe amamuyendetsera njinga yake yachiwiri angosowa osanena, anayankha kuti ameneyo angamutsatire mpaka kwa Nthondo.

Inu amene mwapeza pabwino, yambani mwafunsa kwatsopanoko ngati angakudikireni, ambiri amalola kusiyana ndi momwe timaganizira. Lembani kalata ziwiri zofanana za notisi, muikepo deti, bwana asaine, imodzi musunge. Ngati muli ndi masiku a tchuthi omwe simunapume, kambiranani kuti alowe m'kati mwa notisiyo kapena akulipireni. Akakana kukupatsani zanu mwezi utatha, ofesi ya leba ilipo ku Dowa ndi ku Ntchisi. Agogo asiyeni akhale ndi moyo.