Malume amamwa kamodzi pa chaka

Palafini wasowa, ndipo kumene akupezeka, mtengo wake umafuna kuti uyambe wakhala pansi usanaumve. Anzathu ambiri nkhaniyi siikuwakhudza. Ine ikundikhudza, chifukwa m'nyumba mwanga ndikusunga chidakwa chimene sichilawa kachasu kapena masese, koma palafini basi.

Chidakwacho ndi nyali ya galasi imene malume anga anabwera nayo kuchokera ku migodi ya ku Joni, Kamuzu asanaletse za Wenela mu 1974. Atatisiya, wina anatenga njinga, wina wailesi, ine mphwawo ndinagwera nyali. Tsono poti kwa ife Achewa malume si munthu wamba, ulemu wawo wonse unasamukira pa nyaliyo. Kwathu sitinena kuti yatsani nyali. Timati adzutseni Malume.

Malume amagona pamwamba pa kabati chaka chonse. Amadzuka mvula yoyamba ikagwa, cha mu Novembala kapena Disembala, ngumbi zikayamba kutuluka. Pamenepo ife alenje a kwa Mkanda timakamanga kamsasa pafupi ndi chulu. Musaseke mawu oti alenje. Makolo athu ankalowa m'tchire ndi mauta ndi agalu, n'kubwerako ndi gwape. Mitengo inapita ku makala ndi ku zigafa za fodya, nyama n'kupita nayo limodzi. Zatsala ndi mbewa m'chilimwe ndi ngumbi m'dzinja. Mlenje amasaka chimene chilipo.

Ulenje wake ndi wa nzeru. Timalambula pa chulu, kukumba kadzenje, kuikamo beseni la madzi, kenako kuwakhazika Malume pambali mwaulemu, ndi manja awiri. Ngumbi zikaona kuwala zimabwera zokha kudzapereka moni, n'kugwera m'madzi. Kukacha timakazinga mu chiwaya ndi kamchere, kuuluza mapiko, kuyanika padzuwa. Ndiwo ya masabata angapo yapezeka, yosafuna mafuta ophikira.

Koma Malume ndi ovuta. Galasi lawo lipukutidwe mpaka mwaye wonse uthe. Chingwe chidulidwe mowongoka, apo ayi amayaka mbali imodzi mokwiya. Ukawanyenga ndi palafini wosakaniza ndi dizilo, amatsokomola utsi wakuda usiku wonse, ngumbi n'kumakuonerani patali. Ndipo sadziwa za kukwera kwa mitengo. Mu Novembala 2023, kwacha itagwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndinawafotokozera bwinobwino kuti zinthu zavuta, achepetseko. Anamwa botolo lonse.

Chaka chino ndafunsa pa Boma, ndafunsa pa Kamwendo. Mnyamata wina wa pa pampu anandiyankha kuti, "Madala, palafini mukufuna muchite naye chiyani masiku ano?" Ndinati ndi wa Malume. Iye anandipepesa, n'kundilangiza kuti ndiwatengere ku chipatala.

Ena akuti ndiwolokere ku Chipata, poti pa Mwami pali ofesi yamakono ya pamalire imene a Chakwera ndi a Hichilema anatsegula mu 2022. Zoona, koma kwacha yathu ikaonana ndi mnzake wa ku Zambia imachita manyazi. Komanso masiku ano munthu wonyamula chigubu ndi wokayikitsa, moti a bungwe loyang'anira mafuta la MERA anafika poletsa kugula mafuta m'zigubu nthawi imene kunali mizere ya mafuta. Msilikali akandiimitsa, ndikanena kuti ndanyamula chakumwa cha malume anga amene amakhala pa kabati, mlandu wake ukhala wotani?

Amayi akunyumba alibe nawo chisoni. "Bambo a ana, tochi ya ku China ili pa msikapa, ngumbi sizifunsa kuti akuwala ndani. Malume anuwo atimwera ndalama ya feteleza." Ine ndimayankha kuti ngumbi za tochi sizinona. Umboni ndilibe, koma ndimanena mokweza. Ana a pa Boma amatola zawo pansi pa babu wa pa khonde la sitolo, osagona m'tchire, osalumidwa ndi udzudzu. Zimenezo ndi kutola chabe, ulenje ayi.

Pano ndiye nthabwala indithere pang'ono. Ine nyali ndimayatsa mwa kufuna kwanga, kukumbukira amene anandilera. Koma kalembera wa 2018 anapeza kuti nyumba pafupifupi 11 zokha pa 100 zilizonse m'dziko muno ndizo zinkaunikira ndi magetsi, ndipo zoposa theka zinkadalira tochi za mabatire. Mwana wa Sitandade 8 wa m'mudzi mwathu amawerenga mpaka batire litafooka, kenako n'kukalemba mayeso omwewo ndi mwana wa ku Area 47. Dziko linakwanitsa zaka 60 za ufulu mu 2024. Mdima umenewu si mwambo wa makolo, ndi ulesi wa atsogoleri, ndipo mapolo a magetsi asamangomera m'kamwa nthawi ya kampeni.

Tsono akuluakulu, tibweretsereni magetsi, ine Malume ndiwapumitsa pa ntchito ndi mwambo wonse, mfumu ilipo. Zisanatero, inu owerenga amene muli ndi kabotolo ka palafini kobisa kuseri kwa nkhokwe, mundipeze kwa Mkanda mitambo isanade. Tisinthana ndi mbale ya ngumbi, yosefukira.