Ulemu Upite kwa Chiwailesi Chokalamba

Aliyense amene anakhalapo nyumba imodzi ndi wailesi yokalamba amalidziwa phokoso lija. Mukangogwira pokwezera mawu, sipika ya kumanzere imayamba kuthetheka, kenaka kukhosomola, kenaka zii, mpaka mwiniwake adzuke pampando, aipatse kambama pambali, nyimbo n'kubwerera ngati palibe chachitika. Anthu osayamika amati limeneli ndi vuto. Koma pitani pa eBay mukaone ndalama zimene anthu a ku America ndi ku Ulaya akukhuthula pofuna kulowetsa vuto lomweli m'nyumba zawo, mudzavula chipewa. Ndikunena ziwailesi zikuluzikulu zopangidwa ku Japan m'zaka za m'ma 1970, zimene eni ake amazitcha receiver: wailesi ndi amplifaya m'bokosi limodzi, nkhope ya aluminiyamu wonyezimira, m'mbali matabwa, pamphumi dzina la Pioneer, Marantz, Sansui, Kenwood kapena Technics. Ziwailesi zimenezi tizipatse ulemu, chifukwa zakwanitsa chimene wantchito aliyense pansi pano amachilota usiku: ntchito ikucheperachepera, malipiro akukwererakwerera.

Ufumu wa ziwailesizi sunangogwa kuchokera kumwamba. Kale makampani ankalemba pa katoni mawati alionse amene mtima wawo wafuna, moti kaamplifaya kofooka kankadzitama ndi mphamvu imene kamaifika kwa kamphindi chabe. Mu 1974 bungwe la boma la America loona za malonda, Federal Trade Commission, linalamula kuti mawati olembedwa akhale amene makinawo angawatulutse mosalekeza, mbali zonse ziwiri zikulira. Bodza litatsekeredwa kunja, makampani anatsala ndi njira imodzi yodzitamira, yopangadi zinthu zamphamvu, ndipo mpikisano unavuta. Pioneer anatulutsa SX-1250 ya mawati 160 mbali iliyonse mu 1976. Marantz anayankha ndi 2500 ya mawati 250. Mu 1978 Pioneer anabwera ndi SX-1980 ya mawati 270, yolemera makilogalamu 35, pamtengo wa madola 1,295. Sansui G-33000 ya mawati 300 inakula mpaka anachita kuigawa zigawo ziwiri, ndipo Technics SA-1000 inakafika pa 330. Kenaka zaka za m'ma 1980 zinabwera ndi mabokosi akuda ndi manambala owala, mafumu aja n'kuponyedwa m'magalaja, ena kugulitsidwa pakhomo pamtengo wa kaunjika. Anagona komweko mpaka intaneti itawadzutsa ndipo zimbale zitabwereranso m'fasho. Mu 2022 ku America zimbale zinagulidwa zambiri kuposa ma CD, koyamba chichokere 1987. Chimbale chimafuna amplifaya yokhala ndi pobayira polembedwa Phono, ndipo nkhalamba ya m'galaja ija inali napo.

Mlendo pankhaniyi angaganize kuti mtengo ukukwera chifukwa cha kaliridwe. Apa m'pamene ukulu wa chiwailesi umaonekera, pakuti umboni wonse ukuchitsutsa koma icho sichitekeseka. Tiyambe ndi mawati aja. Khutu la munthu silitsata masamu a pa katoni: kuwirikiza mphamvu kawiri kumangowonjezera madesibelo atatu, kusintha komveka pang'ono chabe, ndipo kuti nyimbo imveke ngati yakwera kawiri pamafunika mphamvu yowirikiza kakhumi. Pabalaza wamba, ndi masipika wamba, munthu womvera nyimbo mwaulemu amadya wati imodzi kapena mawati angapo. Pa SX-1980 ija, mawati 260 otsalawo ndi a anansi. Magazini ya Stereo Review ya Januwale 1987 inafalitsa zotsatira za mayeso amene anthu ankamvetsera maamplifaya osiyanasiyana osaona kuti ikulira ndi iti. Pagululo panali receiver ya Pioneer ya madola oposa 200 pang'ono ndi amplifaya ya mavavu ya madola 12,000, ndipo mayankho a omvetserawo sanasiyane kwenikweni ndi a munthu wongolota. Lero kuli timaamplifaya ta Class D tokwana m'thumba la jekete, tosatentha, timene pa makina oyezera timatulutsa mawu oyera kuposa mafumu a 1978. Ndiye apo tikuyerekeza ndi mfumu idakali mnyamata. Ya lero yadutsa zaka 45. Makapasita ake auma, fumbi ndi dzimbiri zamanga nyumba m'maswitchi, matiransisita ena amachita kulira okha popanda nyimbo, ena akapsa sapezekanso chifukwa fakitale inaleka kalekale kuwapanga. Nkhuku ikaleka kuikira mazira imatsika mtengo n'kuthera mumphika wa alendo. Chiwailesi chikaleka kuimba bwino, wogulitsa amalemba kuti sichinatsegulidwepo chichokere kufakitale, n'kuwonjezerapo madola.

Chimene chimandigonjetsa kotheratu ndi nkhani ya nyali. Marantz 2270, ya mawati 70 okha, yotuluka mu 1971, ndi imodzi mwa zolimbiranidwa kwambiri, ndipo mukafunsa chifukwa chake, posakhalitsa nkhani imachoka pa makutu n'kukakhazikika pa maso. Galasi lake la masiteshoni limawala buluu. Kuseri kwa galasilo kuli timababu tooneka ngati mafyuzi, ndi kapepala kopyapyala komwaza kuwala. Zaka zikapita kapepalako kamawauka ndi kutentha n'kusanduka kachikasu, buluu uja n'kuyamba kuoneka wobiriwira. Pamenepa ndiye pagona mlandu umene wagawa amuna akuluakulu, a imvi zawo, a zidzukulu zawo. Ena amati chotsani timababu, ikani ma LED osatentha, sinthani kapepala, buluu abwerere. Ena amati LED ndi mwano, kuwala kwake n'kozizira, kolasa m'maso, ndipo Marantz yoikidwa LED yavulidwa ulemu pagulu. Ndiye palinso a LED omwewo amene amakangana okhaokha ngati yoyenera ndi yoyera mbee kapena yoyera mofiirira. Onsewa ndi anthu olumbira kuti makinawo anawagulira mawu. Palibe babu linasinthapo kulira kwa gitala, koma chithunzi chojambulidwa mumdima, galasi likuwala bwino, singano za mamita zili chilili, chimagulitsa wailesi msanga kuposa pepala lililonse la miyeso. Bokosi la matabwa limene Marantz ankagulitsa padera, lopanda waya ngakhale mmodzi m'kati mwake, lero limagulidwa palokha ndi madola mazana, ndalama zokwana kugula amplifaya yatsopano yathunthu. Ngakhale katoni yoyambirira, ngati mbewa zinaichitira chifundo, imakweza mtengo. Msikawu unamangidwa mwanzeru moti mtengo ulibe khomo lotulukira. Wailesi ikakhala yosakonzedwa, mulipira chifukwa ndi yachiyambi. Ikakhala yokonzedwa, mulipira thukuta la wokonza. Ikafa, aiphwasula n'kumagulitsa chiwalo chimodzichimodzi, kabatani apa, galasi apo, kuti anzake amoyo aoneke bwino.

Okonda ziwailesizi sakhala chete, ndipo si zonse zimene amanena zili zopanda mutu. Amati mawu a akulu akoma akagonera, ndipo zakale zija zili ndi kaliridwe kofunda, konona, kosatopetsa, kamene kabokosi ka lero kalibe. Penapake n'zoona kuti zimalira mosiyana: pali batani la Loudness limene limanenepetsa mawu a pansi, ndipo ziwalo zokalamba zimasuntha kaliridwe kuchoka pamene injiniya anakaika. Koma ngati kufunda kwina kukuchokera ku kapasita youma, ndiye kuti tikutamanda matenda, ndipo wokonza akachiza wodwalayo wachotsa chimene mwini anachilipirira. Mfundo yawo yamphamvu ndi ina: makinawa amakonzeka. Muli zomangira zomasuka ndi sikuludiraiva wamba, ziwalo zake n'zazikulu zogwirika ndi zala, makampani ankasindikiza mabuku oonetsa njira ya waya uliwonse, ndipo mbali ya wailesi ndi ya zimbale ankazipanga mosamala chifukwa ndizo zinali chakudya cha tsiku ndi tsiku. Apa ndikuvomera ndi manja awiri; zambiri za lero zikafa, manda ake ndi dzala. Koma ukoma umenewu uliponso pa timing'ono take ta mawati 20 kapena 30, tochokera m'mafakitale omwewo, m'zaka zomwezo, timene pabalaza timaimba mokwanira ndipo mtengo wake ndi kachigawo chabe ka wa akulu awo. Mtengo ukanakhala ukutsata kukonzeka ndi kaliridwe, kusiyanako sikukanakula chotere. Ukutsata dzina, thupi ndi kusowa, ndiponso mtima wa mwamuna amene mu 1978 anali mnyamata wopanda khobidi, ataima pawindo la sitolo, malovu ali chuchuchu. Lero ndalama wazipeza, koma khutu lamuthawa: mwana amamva mpaka pafupifupi 20,000 Hz, ndipo ukalamba umadula mawu okwerawo chaka ndi chaka. Chiwailesi chinadikira moleza mtima mpaka wochigula atasiya kumva zolakwa zake. Nzeru zotere simungazipeze kusukulu.

Ena amati kugula chiwailesi n'kusunga chuma. Awerengere bwino. Madola 1,295 a mu 1978 ndi oposa 6,000 pa ndalama za lero, kutanthauza kuti amene anagula SX-1980 yatsopano n'kuisunga ayenera kupeza wogula wa ndalama zimenezo kuti angobweza zake, asanachotse za wokonza ndi za msana umene unathyoka poinyamula. Anapindula ndi aja anazitola m'magalaja pamene aliyense ankaziona ngati zinyalala. Ogula lero akubetcha kuti mawa kudzabadwa wina wozikonda kuposa iwo, pamene mbadwo umene ukuzilira ukupita kumanda limodzi ndi amisiri odziwa kuzikonza.

Apa nthabwala imayamba kuwawa. Wachinyamata wongofuna kumvera chimbale chake pa makina abwino otsika mtengo wathamangitsidwa pamsika ndi munthu amene ali nazo kale khumi pashelefu, zosalumikizidwa ku sipika iliyonse, zoyatsidwa madzulo kuti ziwale basi. Wailesi zoti zikanachira ndi fyuzi imodzi zikuphwasulidwa chifukwa ziwalo zikupambana thupi pamtengo. Zina zimapulumuka zaka 45 n'kukafera m'galimoto yonyamula katundu, galasi phwaa, chifukwa wogulitsa anazikulunga ndi nyuzipepala. Ndipo theka la makinawo, mbali ya wailesi imene mainjiniya anaikhalira usiku, likusanduka chokongoletsa: dziko la Norway linazimitsa mawailesi ake akuluakulu pa FM mu 2017, ndipo kwina konse eni ake ambiri amangobaya kachipangizo ka Bluetooth kumbuyo, chimfumu cha makilogalamu 35 n'kumatumidwa ndi foni. Komabe sichidandaula, chimangowala. Sindikudabwa kuti chili ndi ophunzira ake m'maofesi ena: nkhope yaikulu, nyali zoyaka tsiku lonse, mbali imodzi inafa kalekale, kuti chiyankhe mpaka muchigwedeze, koma chaka chilichonse alawansi ikukwera, ndipo mukafunsa chifukwa akuuzani kuti anthu otere sapezekanso.

Malungowa afika ndi kwathu kuno, kudzera pa foni. Wachibale wa ku America akatumiza chiwailesi chotere, pamafunika wina wokumbutsa banja lonse kuti zambiri zogulitsidwa kumeneko zinapangidwira magetsi a mavoti 120 pamene athu ndi 230, apo ayi mwambo wochilandira umathera mu utsi. Koma oopsa kwambiri si amenewo. Ndi bambo uja amene dera lililonse lili naye, amene waona pa intaneti mtengo wa Pioneer, usiku womwewo n'kukumbukira gumbagumba ya Supersonic imene malume ake anabwera nayo kuchokera ku Bulawayo, ndi kawailesi ka Nzeru kamene kanamuuza mauthenga a maliro kwa zaka zambiri. Zonse ziwiri zinasiya kulira kalekale, ndipo m'kati mwake mphemvu zafika m'badwo wa zidzukulutudzi. Kumuuza kuti osonkhanitsa a ku California sakusaka zimenezi n'kudzipalira udani; iye wamva mfundo imodzi yokha, ndipo waimva bwino, yoti chakale chosagwira ntchito ndi ndalama. Wazitulutsa kunsi kwa bedi, wazipukuta ndi mafuta ophikira, waziyala kansalu koluka pamwamba. Wokonza mawailesi wa kumsika atadzipereka kuti aziyang'ane, anamubweza pakhomo, ati angaziwononge mtengo. Ana ake akumvera mpira pa foni ya mayi awo.