Mmene mungatchukire pa Wordle osatuluka thukuta

Ngati mukufuna ulemu pagulu la WhatsApp la kuntchito koma mulibe galimoto yatsopano kapena chithunzi cha kunyanja, musadandaule. Pali njira yotsika mtengo: timabokosi tobiriwira. Masewera ake ndi Wordle. Tsiku lililonse amabisa liwu limodzi la Chingerezi la zilembo zisanu, inu n'kupatsidwa mwayi kasanu ndi kamodzi kuti mulilote. Chilembo chikakhala pampando wake, kabokosi kamabiriwira. Chikakhala kuti chilimo koma chakhalira mpando wa eni, kamachita chikasu. Chikakhala mlendo wosaitanidwa, kamatuwa. Malamulo athera pomwepa. Zotsalazo ndi matama, ndipo matamawo ndi amene ndabwera kudzakuphunzitsani.

Yambani ndi mbiri, kuti anthu azikuyesani wozama. Anapanga masewerawa ndi Josh Wardle, wa ku Wales koma wokhala ku Brooklyn, pofuna kusangalatsa mkazi amene ankakondana naye. Anawatsegulira anthu onse mu Okutobala 2021, ndipo kumapeto kwa Januwale 2022 nyuzipepala ya The New York Times inawagula ndi ndalama zosachepera madola miliyoni imodzi. Achimwene, inu mphatso yanu ndi yunitsi ndi tchipisi cha pachiwaya. Nkhani iyi alamu asaimve.

Kenako sankhani liwu loyambira ndipo mulikakamire ngati timu ya mpira. Pali mpingo wa ADIEU, umene umati liwuli lili ndi mavawelo anayi. Ndi liwu lochokera ku Chifalansa, lotsanzikira, ndiye kuti mumalowa m'masewera mukunena kale kuti tsalani bwino. Pali mpingo wina wa CRANE ndi SLATE, anthu okhulupirira masamu a kompyuta, osaseka. Lowani kulikonse. Tanthauzo la liwulo musalifufuze, palibe adzakufunseni. MVULA ndi liwu labwino la zilembo zisanu, koma makinawo salidziwa, akugwedezerani mutu.

Tsopano tifike podyera. Tsiku lina, pa ulendo wachiwiri wokha, mudzaona mabokosi anayi omaliza abiriwira: I, G, H, T. Mtima udzadumpha. Mudzayamba kuganiza zoti mulembe pagulu. Apa m'pamene pagona ng'ona, chifukwa patsogolo pa zilembo zinayizo pangakhale LIGHT, MIGHT, NIGHT, FIGHT, SIGHT, TIGHT, RIGHT, ndipo EIGHT wabisala kumbuyo kwa chitseko. Zitseko zisanu ndi zitatu, makiyi atsala anayi. Munthu wanzeru amataya dala ulendo umodzi, n'kulemba liwu ngati FILMS, kuti aone F, L, M ndi S nthawi imodzi. Inu musatero. Amenewo ndi mantha. Lotani limodzilimodzi ngati mukusankha dzira lophika pa depoti, mpaka mwayi uthe. Mukatero mudzakhala ndi nkhani yodandaula tsiku lonse, ndipo kudandaula kumakopa anthu kuposa kupambana.

Ife tilinso ndi mwayi wapadera pa msampha umenewu. LIGHT ndi RIGHT amatuluka m'kamwa mwathu ngati mapasa ovala zofanana. Mukalemba LIGHT yankho n'kukhala RIGHT, uzani anthu kuti mumtima munanena lolondola, chala chokha n'chimene sichinamve bwino. Msampha womwewu ulinso pa CATCH, HATCH, LATCH, MATCH, PATCH ndi WATCH, koma kumeneko lilime silikuthandizani, mufera nokha.

Zikavuta, pali intaneti. Lembani pa Google kuti mukufuna mawu a zilembo zisanu othera mwakutimwakuti, mupeza masamba athunthu okhalira ntchito yomweyo. Uku si kubera. Kubera ndi kwa ana a sukulu olemba mayankho pantchafu. Kwa munthu wamkulu wovala tayi timati kafukufuku. Koma samalani dyera: mukapeza yankho musalilembe pa ulendo woyamba, anthu adzakayika. Ponyani kaye mawu awiri olakwika, pachitatu mugwe m'dzenje lolondola ngati mwangozi. Wakuba mbuzi wochenjera amapita nawo kokafunafuna, ndipo ndiye amafuula kwambiri.

Kumbukiraninso kuti liwu latsopano limabwera pakati pa usiku malinga ndi nthawi ya komwe muli. Msuweni wa ku Australia amakhala atamaliza inu musanadye mgonero, choncho muyambe kumukonda. Abale a ku London ali kumbuyo kwathu ndi ola limodzi kapena awiri. Amenewo atumizireni yankho adakali m'tulo, makamaka ngati sanatumize kanthu pa Khirisimasi.

Zodzikhululukira muzisunge m'thumba nthawi zonse. Champhamvu kwambiri ndi kalembedwe ka ku America. Mu Januwale 2022 yankho linali FAVOR, ndipo anthu a ku Britain anakwiya chifukwa kwawo liwulo lili ndi U, zilembo zisanu ndi chimodzi. Ifenso aphunzitsi anatikwapulira U yemweyo, ndiye mkwiyowo tili nawo gawo. Gwiritsani ntchito chifukwa chimenechi ngakhale tsiku limene yankho ndi BREAD. China ndi cha zilembo zobwereza: liwu ngati MUMMY, M atatu m'nyumba ya zipinda zisanu, limenelo ndi chiwembu, nenani choncho mokweza.

Ndipo tsiku limene mwalephera kotheratu, mabokosi onse atatuwa ngati miyendo ya mwana m'mwezi wa Juni, musatumize kanthu. Wina akafunsa kuti bwanji lero zii, muyankheni kuti magetsi anathima, foni inafera pa ulendo wachiwiri, pomwe munali mutatsala ndi chilembo chimodzi chokha.