Bebi wa pa Chitakale

Galu wa ku Mulanje amadziwa malire ake. Amagona pakhonde, chiperoni chikavuta amakadzipinda paphulusa kuseri kwa khitchini. Amadya mkute ndi madeya, ndipo akafuna kudzithandiza sadziwitsa munthu: amalowa m'munda wa nandolo kapena m'mizere ya tiyi, nkhani yathera pomwepo. Akangoyerekeza kulowetsa mutu m'nyumba amamva "Fotseki!" chikuni chikumutsatira pambuyo.

Ndiye pamdadada wina wa nyumba za lendi pa Chitakale panafika achimwene ochokera ku Joni, atanyamula mabulangete, wailesi yaikulu ndi kagalu koyera kaubweya wambiri. M'chikwama china munali mtolo wa zinthu zoyera zopindapinda. Amayi a pamdadada ataona anayamba kununkhiza nkhani yabwino.

"Mwabwera ndi mapampasi, achimwene! Alamu ali ndi pathupi eti?"

"Ayi mayi, izi ndi za Bebi."

Bebi ndi galuyo.

Zinthuzo ndi timphasa tapepala toyala pansi kuti galu azikodzerapo m'nyumba. Pamwamba pake ndi pofewa, m'kati muli ufa wina womwe umamwa mkodzo n'kuusandutsa phala, pansi pali pulasitiki kuti simenti isanyowe. Ena amathiramo kafungo koitana galu. Anazipangira anthu okhala m'nyumba zosanjikizana, kumene galu kuti apeze dothi ayenera kutsika masitepe ambirimbiri. Achimwene athuwa akatsegula chitseko chakumbuyo akuona tchire mpaka kuphiri, koma akuti Bebi sangaponde mame, angadwale chimfine.

Galu sabadwa akudziwa kamphasa. Amafunika kumunyamula n'kumuikapo akangodzuka, akangodya ndiponso akamaliza kusewera, chifukwa kamwana ka galu sikatha kusunga mkodzo nthawi yaitali. Akachita pamalo pake umamuyamikira pompopompo ndi kanthu kokoma, akaphonya sum'menya. Achimwene anafotokoza zonsezi bwinobwino, kenako anakwera njinga yamoto kupita ku Limbuli kukagulitsa mafoni, sukulu yonse n'kumusiyira mtsikana wantchito.

Mtsikanayo kwawo ndi kumunsi kwa Likhubula, ndipo chibadwire sanayamikirepo galu. Tsopano amagwada pabalaza, maso ali pa Bebi, kudikira. Zikatheka amaomba m'manja n'kufuula "Gudu gelo!" popeza Bebi Chichewa samva, Chilomwe ndiye kaya. Akatero amatenga kachidutswa ka soseji n'kumupatsa. Iye mwini masana amadyera bonya ndi mpiru. Aneba akuti masiku ena mphotho ija imagawidwa pakati, ndipo palibe amene akumuweruza.

Chipwirikiti chinabuka tsiku limene apongozi anabwera kuchokera kwa Chonde, atasenza zinanazi ndi kalongonda. Anakana mpando, monga achitira amayi aulemu kwa mkamwini, n'kuyang'ana pokhala. Pafupi ndi chitseko anaona kansalu koyera koyalidwa mwaudongo, nati mumtima mkamwini uyu ku Joni anaphunzirako kulandira alendo. Anakhalapo, natambasula miyendo, nayamba kupereka moni.

Bebi anali atangomaliza kudya. Anabwera, naima pamaso pa apongozi, nalira pang'ono. Anazungulira, nabwereranso. Apongozi anati, "Kagalu kaulemu bwanji, kakundilonjera." Mkamwini pakamwa panauma, pakuti apongozi sungawauze kuti adzuke, nanji kuwauza chimene akhalira. Bebi anapirira mmene akanathera, kenako anachita zimene anaphunzitsidwa, pamalo pomwe anaphunzitsidwa, pakona yomwe inatsala pambali pa chitenje. Mtsikana wantchito, pozolowera, anaomba m'manja.

Madzulo ake apongozi atafunsa kokadzithandiza anapatsidwa tochi n'kulozeredwa kuseri, kuchimbudzi chokumba chomwe mabanja onse a pamdadada amagwiritsa ntchito. Pobwerako, matope ali m'mapazi, anamukokera pambali mwana wawo.

"Iwe mwanawe, tandiuza. M'nyumba muno wamkulu ndani?"

Mtolo uja sunachedwe kutha. Achimwene anazungulira magolosale a pa Chitakale mpaka pa Boma, ndipo kulikonse ankawatulutsira mapampasi n'kuwafunsa kuti mwanayo ali ndi miyezi ingati. Anakwera minibasi mpaka ku Blantyre, ndalama ya ulendo n'kuposa ya katunduyo. Timphasa togwiritsidwa kale ntchito natonso tinabweretsa milandu. Sitiwola. Ankatitaya kudzala, usiku agalu a m'mudzi n'kutifukula, m'mawa tili mbwee pakhomo la aliyense. Boma linaletsa mapepala apulasitiki opyapyala mu 2015, nkhani n'kukafika mpaka kukhoti lalikulu la apilo mu 2019, koma oweruza aja sanaganizireko za Bebi. Bambo wina wa pamdadada, yemwe amaweta agalu osakira mbira, anangofunsa funso limodzi: "Kodi za chiwewe anabayitsa?" Achimwene anayankha kuti galu wa pabalaza chiwewe angachitenge kuti. Alangizi a ziweto atabwera ndi katemera, agalu onse a m'mudzi anafola pamzere ndi zingwe zawo zamlulu, Bebi anatsala kunyumba poopa utitiri wa anzake.

Koma m'tauni kaduka sikachedwa kusanduka fasho. Aneba a khomo lachitatu, omwe ankaseka kwambiri, anagwidwa Loweruka lina akukokera m'nyumba galu wawo Poizoni, atamuyalira katoni ya sopo ndi nyuzipepala zakale. Poizoni ananjenjemera, akuyembekezera chikuni. Ataona kuti sichikubwera ananunkhiza katoni ija, nadutsa, navundukula poto wa nyama, namaliza, natuluka kukadzithandiza kumunda wa nandolo monga mwa masiku onse.

Kutha kwa mwezi alandilodi anabwera ndi kope lawo. Pamdadadapo ndalama ya madzi ndi ya zinyalala amawerengera mitu ya m'nyumba. Pakhomo la achimwene analemba anayi.

"Tilipo atatu, bambo. Ine, mayi ndi mtsikanayu."

"Nanga uyo ali pasofayo?"

"Ameneyo ndi galu."

Alandilodi anavula magalasi, namuyang'anitsitsa Bebi, nayang'ananso kamphasa kali pakona.

"Galu ndimam'dziwa ine, achimwene. Amagona panja. Uyu amagona m'nyumba, amasamba madzi otentha, chimbudzi ali ndi chakechake pamene ine mwini nyumba ndimapita kuseri. Mwezi wamawa ndiwerengeranso selofukontena."