Mario safuna mabatani ambiri

Bambo wamkulu, wa imvi zake, akhoza kuchezera pa intaneti mpaka tambala kulira, ati akusankha gamepad yosewerera Super Mario Bros. ya 1985 pakompyuta. Chonsecho gamepad yake yoyambirira, ya makina a NES, inali ndi kamtanda kolozera mbali zinayi, A, B, Select ndi Start. Basi.

Ya Xbox 360 imakhala bwino m'manja, koma kamtanda kake n'kosamva: inu mukudina kumanja, iko kakuganiza zopita pansi, Mario uyo m'dzenje. Komanso pamalo pamene Xbox inaika batani la A, Super Nintendo inaikapo B, ndiye chala chimangosochera.

Gulani 8BitDo SN30, yotengera ya Super Nintendo ija. Mukagwerabe m'dzenje, achimwene, vuto ndi chala chanucho.