Gulani Mawaya Ofiira, Achimwene

Toyota Corolla yanu ya injini ya 5A ikayamba kupitiriridwa ndi akabaza pachitunda, musataye nthawi n'kuyang'ana mapulagi, fyuluta ya mpweya kapena oyilo amene munathira chaka chatha. Mlandu uli ndi mawaya a mapulagi. Taonani mmene adera, mmene aondera! Galimoto ingathamange bwanji ndi mawaya amene akatswiri a ku Japan anawayeza n'kupeza kuti ndi okwanira?

Posankha atsopano, yambani ndi maonekedwe. Ofiira ndiwo a liwiro, abuluu amatsatira, achikasu asiyireni anthu okayikakayika. Kenako onani kunenepa. A kufakitale kawirikawiri amakhala a mamilimita 7, ndiye inu musatsike pa 8.5, ndipo thumba likalola tengani a 10. Wina akakuuzani kuti chanenepacho ndi chikuto cha silikoni chabe, chotchinga magetsi kuti asathawe ndiponso choteteza waya ku kutentha kwa injini, mudziwe kuti munthuyo ndi wansanje.

Wogulitsa akayamba za ma ohm, gwedezani mutu ngati mukumva. Adzati mawaya wamba ali ndi kaboni m'kati ndipo amakaniza magetsi ndi ma ohm masauzande, pamene a mpikisano, monga a MSD, ali ndi kawaya kopotedwa kamene kamatsitsa nambalayo kufika pa makumi owerengeka pa futi iliyonse. Zimenezo n'zoona ndithu. Chimene simuyenera kufunsa n'chakuti magetsi oposa ma volt 20,000 ochoka ku koyilo amapindulanji. Pulagi imangofuna okwanira kudumpha kampata kake, ndipo petulo akayaka nkhani yatha. Udzu wouma suyaka kawiri chifukwa choti machesi ake ndi odula. Koma mafunso otere amakhumudwitsa wogulitsa, amenenso ali ndi ana kusukulu.

Olimba mtima afunefune a kopa yekhayekha. Kaboni uja anamuikamo dala kuti aphe chiphokoso cha magetsi, choncho mukamuchotsa wayilesi idzayamba kulira tirrr nthawi zonse mukaponda moto, pakati pa nkhani za madzulo. Ngati galimotoyo ili ndi kompyuta, nayonso ikhoza kubalalika. Palibe chodandaula, mphamvu munagulayo mukuimva ndi makutu anu.

Tsiku loika, zulani anayi onse nthawi imodzi, ndipo kokani pakati pa waya, osati pa kapu yake ya rabara. Amakaniko amasintha mmodzimmodzi poopa kusokoneza kayatsidwe ka masilinda, kaja ka 1-3-4-2, koma inu ndinu wamutu wabwino, mudzakumbukira. Injini ikaphulika ngati mfuti n'kuzima, anansi onse adziwa kuti mwakonzetsa galimoto.

N'kutheka kuti galimoto idzayambadi kukoka bwino. Apa m'pofunika kusunga chinsinsi. Mawaya akale aja anali atang'aluka ndipo ankadontha magetsi. Mukanatsegula boneti usiku injini ikulira, mukanaona timoto tabuluu tikudumphira pazitsulo. Mawaya atsopano a kufakitale akanachiza matenda omwewo pamtengo wotsika. Mkazi wanu asamve zimenezi.

Eni ake a Vitz, Sienta ndi Probox musadzione otsalira. Injini zanu zili ndi koyilo pamutu pa pulagi iliyonse, moti waya wotere alibe pomulowetsa. Gulanibe, muwayale padashibodi. A minibasi za dizilo, amene mulibe n'komwe mapulagi othetheka moto, mukhoza kumangira chitseko.

Kunena zoona mawaya amenewa ali ndi eni ake: galimoto za mpikisano zimene injini ndi makoyilo ake anazisintha, ndipo pansi pa boneti pamatentha koopsa. Yanuyo, yonyamula matumba a chimanga ndi apongozi, siili kutali kwenikweni ndi zimenezo.

Lamlungu mukaimika galimoto kutchalitchi, siyani boneti yotsegula. Ikatsekedwa, mawaya ofiira amagwira ntchito ndendende ngati akuda.