Za Tinyumba ta pa Phiri la Mulanje

Munthu amene afuna kumanga kanyumba pamwamba pa phiri la Mulanje, kumene kulibe msewu, magetsi, ngakhale mpopi, adziwiretu kuti msomali uliwonse, malata, mphika ndi bulangete zidzakwera pamutu pa munthu wina, pakuti galimoto ithera m'munsi pa Likhubula. Nyumba za alendo za ku Chambe ndi Thuchila adazimanga ndi matabwa a mkungudza, mtengo wonunkhira umene chiswe chiukana. Ndipo mlendo apezako malo osonkhapo moto, nkhuni, ndowa ya madzi a mumtsinje, kudzanso chimbudzi chokumba chimene chaima patali ndithu, kuti munthu ayambe walingalira bwino asanatuluke usiku wa mu Juni, chiperoni chili kuwomba. Walira mvula walira matope.

Koma taonani chodabwitsa: mabwana a mu Blantyre, amene magetsi akangothima ola limodzi ang'ung'udza monga ana a Israyeli m'chipululu, alipira ndalama, nakwera tsiku lathunthu thukuta lili kamukamu, kuti akagone mumdima womwewo; ndipo mnyamata wowasenzera katundu, amene kwawo agona chotero chibadwire osalipira kanthu, angoti, "Tafika, bwana," nawasonkhera moto.